Magazi a Munthu Wathanzi

Alamu anga anadwala milungu khumi ndi itatu ine ndikuwabaya chala Lolemba lililonse, koma osadziwa kanthu. Anthu akamandipepesa kuti matenda ena amabisala, mtima umandiwira. Kubisala kwake kuti? Awa ankabwera okha m'mawa wa Lolemba n'kudzionetsa pagalasi, ine n'kuwafufuta ndi chala changachi.

Tinkagwira ntchito awiri m'labu ya kachipatala kena, kuseri kwa msewu wa anthu omata matayala. Chipinda chake n'chaching'ono: sinki yodontha, firiji, maikulosikopu, mipando iwiri, ndi kawindo kolandirira mapepala a odwala. Alamuwo anali amuna a achemwali anga aakulu. Ndinakulira m'nyumba mwawo kuyambira ndili ku sekondale, ndipo ntchito imeneyi anandikokeramo ndi iwowo. Pachipatalapo aliyense ankawatchula kuti a Sadwala, chifukwa zaka makumi awiri ndi chimodzi sanajombepo tsiku ndi limodzi lomwe. Ankabwera wapansi, mvula kaya dzuwa, n'kufika asanatuluke thukuta. Ine ankanditchula Tsabola. Chifukwa chake muchimva nokha.

Kale tikafuna kudziwa ngati munthu ali ndi kutukusira kwa m'kati, magazi tinkawatumiza kuchipatala chachikulu, zotsatira n'kubwera patatha masiku awiri, mwina wodwala atapita kale kwawo. Kenako kampani ina inatibweretsera kamakina kofanana kukula ndi foni. Umabaya chala, kadontho ka magazi n'kukagwetsera pakapepala, kapepalako n'kukalowetsa m'makina. Pakatha mphindi zitatu nambala ija mbee pagalasi.

Alamu anakakonda kamakinako ngati mwana wobadwa paukalamba. Wodwala akangofunsa pang'ono, basi sukulu yayamba.

"Mwaona mayi, thupi likayamba nkhondo m'kati, chiwindi chimathira puloteni ina yake m'magazi. Pakapepala aka pali tinthu tosaoneka timene timagwira puloteni yokhayo. Ikagwidwa yambiri, kamagetsi kodutsa apa kamasintha, makina n'kuwerenga. Ikakhala pansi pa 5, kagoneni. Ikafika 50, adokotala amadzuka pampando."

"Alamu, pamzere pali anthu," ndinkatero ine.

"Taonani Tsabola wayamba kuwawa."

Kamakinako kanali ndi lamulo lake. Lolemba lililonse tisanayambe odwala, tinkakayesa kaye ndi madzi a m'tibotolo timene tinabwera nako, madzi amene nambala yake inali yodziwika kale. Kakawerenga mosiyana, ndiye kuti kasokera. Umadina batani la m'mbali, n'kulemba nambala yoyenera, iko n'kudziwongola. Kuyambira pamenepo, zimene kanapyoletsazo kamazichotsa pa munthu aliyense amene wayezedwa.

Tsiku lina tikubwera Lolemba tinapeza firiji yazima kuyambira Lachisanu, pansi pali chithaphwi. Tibotolo tija tinali titaonongeka. Tinaitanitsa tina, yankho linabwera loti tikubwera. Sabata inatha, inanso inatha, tikubwera yemweyo.

"Ndiye tizingoyendetsa makina osawayesa?" ndinafunsa.

Alamu anakanda pachibwano, kenako anapinda mkono wa malaya. "Chimene tikufuna n'chiyani? Madzi amene nambala yake tikuidziwa. Nanga ine ndine chiyani? Tsiku lija lophunzira makinawa anandipeza ndi 3. Ndinadziyezanso kawiri, 3 yemweyo. Ine ndine botolo loyenda lokha, losafuna firiji."

"Bwanji osatenga anga?"

"Ako? Ndi nyamakazi yakoyo? Lero 8, mawa 15. Magazi ako ndi aukali ngati mwini wake."

Ndinaseka mpaka kugwira sinki. Zinandimvekera zanzeru, ndisaname. Ndinatenga kope lathu la makina, ndinatsegula tsamba latsopano, pamwamba n'kulemba ndi zilembo zazikulu kuti MUNTHU WATHANZI. Ndinawabaya chala chapakati cha dzanja lamanzere. Inatuluka 3, ndipo tinawomberana m'manja.

Sabata yachitatu anakazulitsa dzino la kunsi limene linkawavuta. Lolemba lotsatira makina anati 8.

"Ndi dzino limenelo, usakhudze batani," iwo anatero.

Sindinakhudze. Sabata inayo inatsika kufika 5, tinati ikubwerera m'malo mwake. Koma Lolemba linalo inalinso 5, chikhalirecho m'kamwa munali mutapola kalekale, akutafuna mbali zonse.

"Ndiye kuti kayamba kusokera. Ndi kutenthaku," anatero alamu. "Tawongola."

Ndinadina batani, ndinalemba 3. M'kope ndinalembanso 3.

Kuchokera apo zinangokhala ngati kusesa m'mawa. Lolemba makina akuti 6, ine n'kubweza pa 3. Linalo akuti 7, ine pa 3. Kenako 8, 9, 10. Nambala iliyonse payokha inali yaing'ono, yosaopsa munthu, ndipo tinkakalalatira kamakinako kuti kakukalamba msanga. Chimene sitinachite, ife anthu awiri odya ndi manambala, ndi kuphatikiza. Zisanu za sabata ino, zinayi za sabata yatha, zitatu za inayo, zonsezo zinali kuunjikana m'thupi la munthu mmodzi, ife tikuzikankhira pansi pa mphasa.

Nanga maso ndinalibe? Ndinali nawo, awiri abwinobwino. Ndinaona atayamba kubwera pabasi, akuti nsapato zikuwapana. Ndinaona akuboola bowo lina palamba ndi singano ya m'labu. Masana kunja kukuotcha, iwo ankavala juzi, n'kumati fani ikuwaomba pamsana. Tinayeza malungo kawiri, osapezeka. Ndipo Lolemba lina nditagwira chala chawo ndinaona timizere tofiirira pansi pa zikhadabo, ngati timinga.

"Ichi n'chiyani?"

"Ndimakhoma mpanda Loweruka. Baya iwe, usandifunsire mbeta pano."

Ndinabaya.

Achemwali anabwera Lachitatu lina masana, alamu atapita kukatenga magolovesi kusitolo yosungiramo katundu wa chipatala. Iwo ndi munthu wosakonda zipatala, fungo la sipiriti limawadwalitsa mutu, ndiye kungowaona pakawindo ndinadziwa kuti pali nkhani. Sanakhale pansi. Anaima pafupi ndi sinki, chikwama atachikumbatira pamimba.

"Iwe, alamu akowa sali bwino."

"Atani?"

"M'mawa uliwonse ndikuyanika zofunda, zonyowa ngati wina wathirapo ndowa. Chakudya akungochitosatosa. Dzulo akwera masitepe atatu a pakhonde aja, n'kuima kuti akuyang'ana maluwa. Maluwa ake ati, pamene paja pali matayala akale? Ndikawauza za dokotala akuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Iwe umakhala nawo tsiku lonse. Tawayeza ndi kamakina kanuko."

Mukanandimva mmene ndinayankhira! Ndinakoka kope lija, n'kuliyala patebulo ngati satifiketi.

"Achemwali, taonani apa. Palibe munthu m'tauni muno amene amayezedwa kawirikawiri kuposa amuna anu. Lolemba lililonse. Iyi 3, iyi 3, iyinso 3. Moti ndi iwowo amene timayesera makina. Ndi ukalamba umenewo, mumafuna akhale mnyamata mpaka liti?"

Anayang'ana tsambalo nthawi yaitali, akutsatira ndi chala mzere ndi mzere. Kenako anapumira m'mwamba, n'kumwetulira mwamanyazi.

"Ndiye ndine ndikupenga eti. Usawauze kuti ndinabwera, angandiseke."

Ndinawaperekeza mpaka pageti, ndikuwanena kuti chikondi chawapweteka mochedwa.

Zinaululika patatha milungu inayi, ndipo anaziulula ndi kalipentala wina amene sindinam'funse n'komwe kwawo. Anabwera ndi dzanja lotupa ngati buledi, msomali utam'baya masiku asanu apitawo. Mafinya akutuluka, mzere wofiira wakwera mpaka m'khwapa, thupi lili juu. Ngakhale mlonda akanadziwa kuti uyu zavuta. Ndinam'baya chala cha dzanja linalo. Makina anati 4.

Anamwino aakulu, mayi wosapsatira mawu, anabwera ndi pepalalo m'manja. "Kamakina kanuka kaledzera? Munthu uyu 4? Ndipo adokotala akuti masiku ano aliyense mukum'tumiza ndi ziro. Anthu a kuno achira onse?"

Ndinatsala pang'ono kuwayankha zachipongwe, koma mawu akuti ziro anandiimitsa. Zinali zoona. Kwa milungu ingapo ziro anali atachuluka. Alamu nthawi imeneyo anali atapita kukagona pabenchi ya m'sitolo ya katundu ija, akuti mphindi khumi zokha. Ndinatenga kamakinako, ndinadina mabatani awiri pamodzi mmene anatiphunzitsira, kuti kaiwale zonse zimene tinakauza n'kubwerera mmene kanachokera kufakitale. Ndinam'bayanso kalipentala. 72.

"Bweretsani chala chanu," ndinawauza anamwinowo. 2. Ndinaitana mayi wokolopa. 3. Ndinatuluka panja kukam'koka mlonda, akulira kuti amaopa singano. 4.

Makinawo analibe vuto lililonse. Ndinanyamula kamakinako n'kuthamangira kusitolo kuja.

Alamu ndinawapeza atagona chagada pabenchi, juzi atalikoka mpaka m'khosi, pakamwa pali pululu. Ndinaona kwa nthawi yoyamba mmene masaya analowera. Ndinagwada pansi, ndinatenga dzanja lawo. Linali lotentha.

"Lero si Lolemba, Tsabola," anatero osatsegula maso.

"Khalani chete."

Mphindi zitatu zimenezo ndinazimva m'mano. Iwo anadzuka n'kukhala tsonga, tonse tikuyang'ana kagalasi kaja. 71.

"Wawongola?"

"Ndafufuta zonse. Anesi 2, amayi okolopa 3, mlonda 4."

"Bwereza. Dzanja ili."

Ndinabwereza. 73.

Anapitiriza kupukuta chala ndi thonje ngakhale magazi anali atasiya kale. Ine ndimadikira kuti anditukwane, kapena alire, kapena anene kuti tiyeni kwa dokotala. Atatsegula pakamwa anati, "Katenge kaundula. Aliyense amene tam'yeza miyezi iwiri yapitayi aitanidwe. Pali ana amene tinawabweza ndi ziro."

"Alamu, inu ndinu munthu kapena chitsa? Mukufa inu!"

"Usakuwe, odwala akumva."

"Amve! Amve kuti muno muli zitsiru ziwiri!"

Anamwino ndi amene anatilanditsa. Analanda kaundula uja n'kunena kuti mafoni aimba okha, ndipo anaimbadi masiku atatu. Mwa amene tinawapeza, awiri anagonekedwa koma onse anachira. Anamwino omwewo anawakankhira alamu m'chipinda cha adokotala. Adokotalawo anaika chomvera pachifuwa, anasuntha, anabwerera pomwe paja, anakhalitsa. Anayang'ana zikhadabo zija, anafunsa za dzino. Atamaliza sanaseke monga ankachitira ndi a Sadwala masiku onse. Analemba kalata, n'kutipatsa galimoto ya chipatala.

Kuchipatala chachikulu anatenga magazi m'mabotolo, anaunika mtima ndi makina awo. Dokotala wa mtima, mayi wamfupi wa magalasi, anatiuza titaima m'khonde. Tizilombo tinalowa pabala la dzino lija, tinayenda ndi magazi, tinakamanga pa kachitseko kena ka mumtima. Takhala tikukadya pang'onopang'ono, moti tsopano sikakutsekanso bwino. Pafunika mankhwala a m'diripi milungu isanu ndi umodzi, kenako opaleshoni, thupi likalola.

"Akanabwera miyezi iwiri yapitayo, mankhwala okha..." Anayang'ana achemwali, n'kumeza mawu otsalawo. "Tiyesetsa, mayi."

Achemwali anandigwira dzanja n'kulifinya. "Mwamwayi iwe unazindikira," anatero. Ndinalakalaka simenti itang'ambika.

Masiku oyamba zinkaoneka ngati zikuyenda. Kutentha kunatsika, anayamba kudya, n'kumavutitsa anamwino a kumeneko kuti akubaya ngati akukhoma denga. Ine ndinkaweruka n'kuthamangira komweko. Tibotolo tija tinafika sabata yomweyo m'katoni yokutidwa bwino, ndipo ndinangotiponya m'firiji osatiyang'ana kawiri.

Tsiku lachisanu ndi chitatu achemwali atatuluka kukatsuka makapu, alamu anandikodola.

"Lero ndili pa zingati, Tsabola?"

"Akuti 48."

"Ukuona? Ndikubwerera ku ntchito yanga ya ubotolo." Anaseka, kusekako n'kusanduka chifuwa. Atapuma anati, "Za kope lija usawauze achemwali ako. Nzeru inali yanga."

"Batani ndinkadina ndine."

"Ndinkakuuza ndine."

"Anabwera kulabu, alamu. Anandipempha kuti ndikuyezeni. Ndinawaonetsa kope, ndinawaseka."

Izi sankazidziwa. Anatembenuzira nkhope kukhoma. "Ndiye usawauze ndithu," anatero. "Mudzafunana inu awiri."

Tsiku la khumi ndi limodzi, dzuwa lili paliwombo, achemwali akuwasendera lalanje, iwo akufotokozera wodwala wa bedi loyandikana mmene kapepala kamagwirira puloteni, mawu anangopotoka pakati pa chiganizo. Dzanja lamanja linagwa pabulangete. Kachidutswa ka zimene tizilombo tinamanga pamtima paja kanathothoka n'kukatseka mtsempha wa mubongo. Sanayankhulenso. Maso okha ndi amene ankatitsatira tikamayenda m'chipindamo, ndipo ine ndinkawazemba.

Sindinasunge pangano. Ine pakamwa panga sipasunga madzi, ndipo zikomo aliyense amene achemwali ankandipatsa ankandiotcha. Tsiku lachitatu chiyambire kusayankhulako ndinawapeza achemwali pampopi wa kuseri kwa wodi akuchapa mathawulo. Ndinaima kumbuyo kwawo n'kunena zonse: firiji, tibotolo, batani, kuti 3 aliyense amene anam'tsatira ndi chala tsiku lija ndinam'panga ndine, kuti tsiku limenelo amuna awo anali atadutsa kale 30.

Sanatembenuke. Anapitiriza kufikisa thawulo lomwelo, kufikisa, kufinya, kuliviikanso.

"Achemwali, nditukwaneni. Ndimenyeni kaya."

Anatseka mpopi. Anapukuta manja pachitenje, chala chimodzichimodzi.

"Ndinabwerera kunyumba tsiku lija ndikuimba," anatero motsitsa. "Ndinafika n'kuwakalipira kuti asiye ulesi, akakonze geti. Anakakonza. Anakhala panja padzuwa mpaka madzulo, akupuma katatu." Ananyamula beseni n'kundipatsa. "Kataye madziwa."

Ndinakataya. Mawa lake m'mawa, anamwino akusinthana, alamu anatisiya.

Achemwali sanandithamangitse, sanauzenso wina aliyense. Pamaliro tinakhala mphasa imodzi. Ndikapita kwawo amandilandira, amandifunsa za maondo, amandipatsa tiyi m'kapu ya alendo. Kale ndinkalowa mpaka kuchipinda osagogoda. Tsopano ndimakhala pabalaza, manja pamiyendo, ndipo ndimawasowa koopsa ngakhale ali pampando woyang'anana nane. Onse awiri ndimawasowa.

Kuntchito sanabweretse munthu wina msanga, ndiye ndinkagwira ndekha. Patatha mwezi ndi theka kunabwera mayi wa kukampani ya makina ija, amene amazungulira m'zipatala kuona mmene akugwirira ntchito. Anali munthu wansangala, wonunkhira bwino, wolankhula mofulumira. Anapepesa za kuchedwa kwa tibotolo, analumikiza kamakina kathu ku kompyuta yake ndi kachingwe, n'kundifotokozera kuti iko kamasunga nambala yeniyeni ya muyezo uliwonse, kaya munthu wawongola kaya sanawongole. Ine sindinkadziwa zimenezo.

Ankatsitsa mizere akung'ung'udza kanyimbo, kenako anaima.

"Haa! Tabwerani mudzaone, asisi. Uyu ndani, wa nambala 001?"

Imeneyo inali nambala imene alamu anadzipatsa tsiku lophunzira, akuti woyamba kubadwa.

Anadina pena pake, manambala aja n'kusanduka chithunzi. Mzere unayambira pansi kumanzere, unadumpha pang'ono, unatsika, kenako unayamba kukwera. Unakwera mosakhota, Lolemba ndi Lolemba, kadontho pamwamba pa kanzake: 5, 8, 12, 17, 23, 30, mpaka kukafika pakona ya kumanja. Palibe kadontho kamene kanasochera.

"Ndazungulira zipatala makumi atatu, sindinaonepo wodwala wotsatiridwa bwino chonchi," anatero mayiyo, maso akuwala. "Tsiku lomwelomwelo, ola lomwelomwelo, milungu yonseyi! Taonani apa, sabata yachisanu ndi chiwiri, munthu akanatha kunena kale kuti pali chimene chikuyaka m'kati. Izi n'zimene timawauza anthu kuti kamakinaka kamatha, koma sakhulupirira. Mungatilole tikachionetse pophunzitsa? Dzina sititchula. Anali pa mankhwala anji nthawi yonseyi?"

"Sanali pa mankhwala."

"Oo. Ndiye adokotala amangomuyang'anira kaye?"

"Ndi alamu anga," ndinatero. 

Mayiyo anandigwira paphewa n'kumwetulira ndi mtima wake wonse. "Ndiye ali ndi mwayi bambo amenewo, kukhala ndi mlamu wosamala chonchi. Ali bwanji panopa?"

Ndinamuuza kuti tinawaika m'manda pa 9 mwezi watha. Kenako ndinam'pempha kuti atembenuzire kompyuta yakeyo kukhoma, chifukwa pakawindo panali pataima mayi ndi mwana wotentha thupi, ndipo sindikanam'baya bwino mzere uja ukundiyang'ana.